Dzina lomwe munandifunsa m'bwato

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Zuze wanu, chitsirizira. Kuno tilipo.

Ndiyambe ndi yokoma. Achemwali anga a Joana achira, mwana wamkazi. Alamu anawapalasa panjinga mpaka ku chipatala cha ku Insaca matenda atayamba kale, ndipo anakafika thukuta lili kamukamu ngati oyembekezerawo ndi iwo. Mwanayo tamutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo wachita bwino chaka chino. Munda wa kumtunda uja tinkauopa chifukwa cha mabomba okwirira anauyeretsa, tabzalamo chinangwa. Vuto ndi mbuzi za a neba basi.

Koma chimene ndakulemberani ndi kuthokoza. Masiku ano ndikukumbukira kwambiri ulendo wathu wobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Tinathawa ndili kumsana, choncho kuno panalibe wondidziwa. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja ndinali Esinati, mtsikana wokana kuvala kapulana, chitenje cha kuno, wometa mpala, amene anzanu ankati walodzedwa. Ine mumtima ndinkadziwa kuti ndine mnyamata, koma pakamwa panalibe mawu ake. Bwato litafika pakati pa nyanja ya Chiuta munandiyang'anitsitsa, n'kufunsa, "Tikafika tsidya ilo, ndikati mwana wangayu ndi yani?" Ndinatchula dzina la malemu bambo, Zuze. Inu munangoti, "Chabwino. Kapa madziwo, Zuze, tingamire." Ndinakapa ndikulira.

Tsopano nkhani ina, mundikhululukire manyazi. Kuli mtsikana, Amayi. Dzina lake Asiyatu, mwana wa bambo wachiyao amene ndimapalasa bwato lawo. Amayanika matemba kudoko. Anayamba ndi kundiseka kuti ndimayankhula Chichewa cha ku Malawi, ine n'kumamuseka kuti sadziwa kupalasa. Kenako ndinazindikira kuti tikamakocheza, maso anga akumayamba kufuna kapulana yake yobiriwira ndisanawone n'komwe pomangira bwato. Tsiku lina anandisungira chinangwa chootcha. Ndinachidya pang'onopang'ono kuti chisathe.

Ndiye mwezi wathawu kwabwera a Nachisale, aja tinkayandikana nawo nyumba kumsasa. Amandidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Nditamva, ndinadziwa kuti chinsinsi changa chiululika. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti nkhani yako usalole ikafike itakwera njinga ya munthu wina. Ndinapita kwa Asiyatu masana, akutembenuza nsomba pathandala, ndipo ndinamuuza zonse: mmene ndinabadwira, dzina lakale, ndi funso lanu lija. Manja ake anaima. Anatola dengu lake n'kumapita, ndipo kudoko anayamba kutumako mng'ono wake.

Ndinaonda, Amayi. Ndinafika poganiza zowolokanso nyanja.

Tsiku la msika ndikugula mchere, ndinamva mawu kumbuyo: "Iii, si Esinati uyu? Wakula!" Anali a Nachisale. Anthu anatembenuka. Sindinadziwe kuti Asiyatu anali pomwepo, akugulitsa matemba. Anaimirira, n'kuwagwira dzanja a Nachisale mwaulemu, nati, "Mayi, awa ndi a Zuze. Bwerani mudzaone nsomba, ndikuikirani basera." A Nachisale anandiyang'ana, anamuyang'ana iye, kenako anati, "Maso akalamba, mwanangu," n'kumutsatira.

Pobwerera tinayendera limodzi ndi Asiyatu. Anati, "Ndinakwiya chifukwa unachedwa kundiuza. Zinazo sindinazimvetsebe zonse. Koma kudoko ndakusowa, ndiye uzindifotokozera pang'onopang'ono." Dengu lake ndinamusenzera mpaka pa mtengo wa mango wa pafupi ndi kwawo.

Sindikunamizani kuti zonse zatheka. Bambo ake sakudziwa, ndipo tsiku lomwe adzamve mwina adzandichotsa m'bwato, mwinanso zoposa apo. A Joana akuti ndisathamange, nkhani zotere zimafuna phazi limodzilimodzi, koma akuti likadzafika tsikulo adzapita nane. Alamu nawo dzulo anandiitana kuti tikadule limodzi milimo ya khola.

Zikomo, Amayi, chifukwa simunandimenye, simunanditengere kwa asing'anga. Mvula ikakata ndidzabwera ndi Asiyatu kudzasesa pamene mukugonapo, mudzamuone nokha. Ndipo ndikulonjeza kuti zivute zitani, sindithawanso. Kuno ndi kwathu.

Ndine mwana wanu wamwamuna wokukondani,
Zuze