Chiwombankhanga cha Phiko Lalifupi

Achimwene a Sherin,

Landirani moni wochokera kuno ku Darra. Tonse tili bwino, kaya inu ndi chifuwa chanu chija ku Karachiko?

Mwana wathu Palwasha wapeza banja. Lachisanu a Haji Mirwais, bambo a mnyamatayo, anabwera kudzamwa tiyi atatenga mfuti yaing'ono m'chikwama chake chachikopa. Akuti anaigula kwa wosunga zida zakale ku Peshawar, ndipo inali ya msilikali wa ku Jeremani.

"Inu ndinu amisiri opanga mfuti, taionani," anatero. "Chidindo cha chiwombankhangachi sichinama."

Nditapapasa chidindocho ndi chala, ndinamva phiko lakumanzere lalifupi. Achimwene, ndi ntchito yanu ija, ya chaka chimene munagwetsa chodindira cha abambo n'kuchibenthula!

Ndinangoti, "A Haji, anapanga iyi ndi wa manja odala." Anakondwa mpaka kupempha tiyi wina.

Ndati chala chifukwa masowa masiku ano akuchita chifunga, koma adokotala amakonda kukokomeza zinthu, akuti ndichita khungu.

Ukwati uliko Idi ikatha. Mubwere msangako, ndidzakuoneni bwinobwino. Ndipo akadzakuonetsani mfutiyo, chonde mudzawatamande Ajeremani.

Ndine mng'ono wanu,
Zarwali