Makasu awiri a abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lobi tilipo, kungoti chisanu chatipatsa chifuwa.

Gemu ya pafoni munanditumizira ija yandidabwitsa. Mayi wa m'gemumo amangodzuka tsiku lomwelomwelo, ine n'kumamusankhira zonena, ndipo tsikulo silisintha mpaka atauza wina chimene chikumudya mumtima.

Dzulo abambo anakhala pambali panga n'kumaonerera. Paja chimwalirireni amayi, m'mawa uliwonse amatulutsabe makasu awiri. Mayi wa m'gemu uja atadzukanso, abambo anandifunsa kuti, "Kodi iyeyu akudziwa kuti kwa anzake kunacha kale?" Opanga gemuyi anawadziwira kuti abambo athu?

Chonde muwaimbire Lamulungu likubwerali. Za nyemba musafunse, mufunse za iwowo.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tadala