Mkate wa Mgonero m'Manja mwa Makaniko

Lachiwiri, 4 Marichi

Akundilembera ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga, poti ine sukulu ndinangoinunkhiza. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, osakometsera.

Mkate wa Mgonero ku tchalitchi kwathu ndimaphika ndine, kuyambira ndili ndi mano onse. Anandiphunzitsa ndi mayi anga. Tsopano manja akunjenjemera, ufa ukuthera pansi. Lero kwabwera amayi apampando a chigwirizano. Akuti, "Mwatopa, amayi. Lamulungu lino tingogula wa m'sitolo." Wa m'pepala la pulasitiki, patebulo la Ambuye. Tiyi ndinawapatsabe.

Lachitatu, 5 Marichi

Mwana wanga, makaniko uja, akuti aphika iyeyo. Ndaseka mpaka kutsokomola. Iye sanaseke.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndamusambitsa m'manja ngati khanda, oilo wa m'zikhadabo kuchotsa ndi burashi. Ndamuuza kuti ife sitiyang'ana wotchi. Pokanda timaimba nyimbo ya Mgonero, ndime zonse, ikatha ndiye kuti ufa wakandika. Iye wangoithamangitsa ngati anyamata a kwaya, uku akugwedeza mapewa. Mkate watuluka ngati njerwa. Apongozi akuti tiusunge, tiziimitsira chitseko. Musaseke, lembani.

Lachisanu, 7 Marichi

Amayi apampando amva. Akuti chiyambire mpingo, mwamuna sanaphikepo mkate wa Mgonero. Ndawafunsa kuti nanga sitolo inaphikapo? Anayang'ana kudenga. Kenako akuti, "Tidzaulawe mawa. Ukakanika, tigula."

Loweruka, 8 Marichi

Lero waimba modekha, mawu ngati a malemu bambo ake. Koma ndamugwira akuwonjezera mafuta.

"Mayi anga sankatero," ndatero.

"Amayi, nthawi ya agogo anthu anali ndi mano. Akuluakulu a pabenchi lakutsogolo aja amatafuna mpaka abusa kudalitsa."

Pabenchi limenelo ndimakhalapo ndine. Ndangomusiya.

Amayi apampando anafika mkate ukadali wofunda. Ananyema kachidutswa, ananyemanso, ananyemanso. Apongozi anafunsa ngati agamula. Akuti, "Ndikulawabe." Pochoka sanatchule za sitolo.

Lamulungu, 9 Marichi

Ndaulandira. Wofewa, wosavuta kumeza, ndipo ndinapeza mpata wopemphera. Bambo oyandikana nane anandinong'oneza kuti, "Amayi, lero mwaphika bwino." Ndati si ine, ndi mwana wanga, uja amakonza magalimoto kuseri kwa msika. Apongozi akuti ndinanena mokweza, mpaka abusa anatembenuka.

Tikutuluka, amayi apampando anabwera ndi nsalu yoyera yovundikira mkate, imene amapatsa wophika kuti akachape. Ndinatambasula manja mwachizolowezi. Iwo anandimwetulira, n'kuipereka kwa mwana wanga.

Wachapa yekha. Pano ili pachingwe, pafupi ndi ovololo yake.