Ndinatsuka makapu anzanga akugwirizana za voti

Aphungu,

Pepani ngati ndalakwitsa polemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo sindinazolowere kunena za kukhosi.

Ndimakhala ku Highfields, mumzinda wa Leicester kuno kutsidya la nyanja, ndi azakhali anga, a Anganile, amene anandiitanitsa kuno. Tonse timagwira ntchito yosamalira okalamba. Makoma a nyumba yathu ya lendi anachita nkhungu chifukwa cha chinyezi. Mnyamata wina wachimwenye wobadwira konkuno, Khalil, anandiuza za gulu lofuna makhansala oti athane ndi eni nyumba osakonza. Anati akuda, amwenye ndi azungu tikavotera pamodzi pa chisankho cha mu Meyi, tidzamveka. Ndinalowa.

Anandituma kukakopa anthu kudera la Spinney Hill chifukwa amwenye ena achikulire kumeneko anachokera ku Limbe ndipo Chichewa amachidziwa. Pakhomo lina ndinaiwala belu, ndinangoti, “Odi.” Mayi Zaibunisa anatsegula misozi ili m’maso. Anati, “Mwana wanga, mawu amenewo ndinawamva kalekale.” Anandipatsa samusa, nalonjeza kubwera ku msonkhano.

Ndinanyengerera azakhali mpaka anabwera ku msonkhanowo ndi amayi a kutchalitchi kwathu. Titamwa tiyi, mayi Zaibunisa anandipatsira kapu yawo osandiyang’ana n’komwe. Ine ndinalandira ndi manja awiri. Enanso anayamba kundipatsa zawo. Palibe anandituma, Aphungu, koma ndinangopezeka ndili kukhitchini. Pobwerera ndinapeza atagwirizana kale za anthu oti tiwavotere.

M’basi azakhali anati, “Ine ndi mayi ako tinathera utsikana kutsuka mbale za amwenye ku Limbe, tikudyera kuseri. Iwe wakwera ndege kudzapitiriza?” Akuti iwo ndi anzawo savota, ndipo ndikapitanso ku gululo ndikapeze kwina kokhala. Nditamuuza Khalil, anangoseka n’kuti akuluakulu adakali m’zakale. Komatu anzake amene amalongolola za ndale pafoni, ambiri sanalembetse n’komwe m’kaundula wa voti. Amene amakavota ndi akuluakulu omwewo.

Sindikudziwa walakwa ndani. Mayi aja anandikondadi, kapena anangoona wantchito? Kodi ndinadzinyoza ndekha? Kwathu mwana sayang’anira wamkulu atagwira kapu. Ndisiye gulu, kapena nditaye azakhali?

F. M., Leicester

Mwana wanga F. M.,

Walemba bwino, ndipo sunalakwe kulandira kapu. Umo ndi mmene unaleredwera. Cholakwika n’chakuti msonkhano unapitirira mpando wako uli wopanda munthu, ndipo palibe anafunsa kumene wapita. Mayi Zaibunisa akhoza kukukonda ndi mtima wonse, dzanja lawo likuchitabe zimene linazolowera ku Limbe.

Yamba ndi azakhali. Usawatsutse, chifukwa zimene akunena anaziona ndi maso. Apemphe akusimbire za ku Limbe, umvetsere mpaka amalize, ndipo uvomere kuti za makapu zija nawenso zinakupweteka. Ukatero uwafunse ngati kukhala pakhomo tsiku la chisankho kudzachotse nkhungu ija. Voti ndi yawo, sakuipereka kwa mmwenye. Akhoza kuchonga amene akumufuna, ngakhale si wa gululo.

Kenaka pita kwa mayi Zaibunisa uli wekha. Uwauze mwaulemu kuti anthu pokambirana iwe unali kukhitchini, ndipo azakhali ako anakumbukira zowawa. Ngati misozi ija inali yoona, adzapita okha kukaodira pakhomo pa azakhali.

Khalil asiye kuseka. Munthu sapempha voti kwa amene akumuseka. Umuuze kuti nkhani ya anthu oti muwavotere ija ikambidwenso amayi a kutchalitchi ali patebulo, ndipo mmodzi wa iwo atsogolere nawo. Anzake aja awalembetse nthawi isanathe.

Koma chenjera, usataye pogona chifukwa cha gulu. Usapite ku msonkhano mozemba, pita azakhali atavomera, ndipo ngati n’kotheka mupitire limodzi. Gululo likakana kukambirananso, lisiye, koma ukavote ndithu.

Kapu ikadzabweranso, manja ako akhale pamiyendo. Ungotembenuka n’kunena kuti, “Khalil, amayi amaliza.”

Aphungu