Pa imfa ya Dr. Elias Simbeye, dokotala wa osewera athu

Kwa Mayi Evelyn Simbeye, ana, abale ndi anthu onse a m'boma la Chitipa,

Ife a bungwe la Mgwirizano wa Masewera a M'mapiri tadzidzimuka ndipo tasweka mitima ndi imfa ya Dr. Elias Simbeye, dokotala wathu wa mafupa, amene anapezeka atamwalira Lachitatu masana m'mphepete mwa msewu wopita ku Wenya.

Malemuwa anaphunzira opaleshoni ya mafupa, kenaka anakachita kafukufuku kunja kwa zaka zitatu pa za kuvulala kwa mawondo a osewera. Koma atamaliza anakana ntchito za m'mizinda ikuluikulu, nabwerera kwawo kudzatumikira osewera a m'mabwalo afumbi. Ndi iwo anakonza bondo la Maggie Nakamba, katswiri wathu wa mpira wamanja, pamene ambiri ankati sadzayendanso popanda ndodo, ndipo ndi iwo anaphunzitsa makochi athu kumanga mwendo wothyoka asanamunyamule munthu.

Komabe tikhala onama tikabisa zimene zikutivuta. Chaka chino adokotala ankafufuza za jakisoni wopha ululu amene anthu ena amabaya osewera ovulala mobisa kuti alowebe m'bwalo mpaka bondo kutheratu. Lolemba anandipeza ku ofesi, nati, "A Tcheya, mayina onse ali m'chikwamamu. Lachisanu ndiwatula pamsonkhano."

Lachitatu m'mawa wina anawaimbira foni kuti wosewera wathyoka mwendo ku Wenya, chonsecho tsikulo kunalibe timu imene inasewera. Tauzidwa kuti adokotala anagwa pa njinga yamoto. Njingayo ndinaiona ndi maso anga: inali itaimikidwa bwinobwino, yosakalika paliponse, ndipo chikwama panalibe. Pasiwa, Mayi Simbeye anandifunsa kuti, "Bambo Kayange, munthu akagwa n'kufa, njinga amaimika ndani?"

Sitikutchula dzina la munthu, pakuti umboni tilibe. Tikupempha apolisi afufuze mofatsa, ndipo aliyense amene anaona kanthu pamsewupo asakhale chete.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu a banja lofedwa. Phepani chomene. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku owawitsawa, ndipo mzimu wa malemu uuse mumtendere. Komiti yathu yagwirizana kuti m'mabwalo athu onse simudzalira wezulo kufikira inu, mayi, mutauzidwa zoona za imfa ya amuna anu.

Promise Kayange
Wapampando