Yopingasa ndi Yoimirira

Lachiwiri, 4 Juni

Foni iwe, lemba. Ine cholembera chimandichedwetsa.

Filimu ya zithunzi za Timba yatha. Timba, mwana amene ndinamupeza kwa malemu amuna anga, mano a mkaka asanaguluke. Ukwati wake Loweruka la sabata yamawa. Zithunzi zonse zinali m'chikwama pansi pa bedi. Wojambula wa pafupi ndi depoti wazilowetsa mu kompyuta, zikumasintha zokha, kanyimbo chapansipansi. Ndaonera chiimirire. Bambo ake atamunyamula paphewa. Tsiku loyamba kusukulu, nsapato zazikulu ngati mabwato. Sindinalire. Chabwino, pang'ono.

Wandifunsa kuti ndikufuna yotani, yopingasa yoonetsa pakhoma, kapena yoimirira ya pafoni. Ndati zonse. Ine ndidziwa chiyani.

Lachinayi, 6 Juni

Mashiti a muhotela osatha kusita. Msana. Popuma ndamuonetsa Wailesi, mnzanga wa pamakina ochapira, yoimirira ija. Akuti, "Nanga iwe uli pati? Kapena ndiwe mfiti, kamera siikugwira?" Taseka. Kenako ndayang'anitsitsa.

Ndi zoona. Ine pojambulitsa ndinkaima kumapeto. Sindikudziwa chifukwa chake. Ayi, ndikudziwa. Ndinkaopa abale, angati wobwera akudzikweza. Ndiye yoimirirayi imadula mbali zonse ziwiri. Chatsala ndi dzanja langa paphewa la Timba, ndi chipsera changa cha simbi yositira. Kwina kansonga ka mpango basi.

Mu yopingasa ndilimo wathunthu. Koma pafoni siidutsa, akuti ndi yolemera. Ili pa fulashi imene wojambula anandisungirapo.

Lamulungu, 9 Juni

Dzulo ndinamutumizira Timba yoimirira kuti angolawako. Wayankha ndi kachithunzi ka mtima. Mawu ayi. Ndi wotanganidwa, ndikumvetsa.

Masana azakhali ake aimba. Akuti mayi ake omubereka abwera, akhala kutsogolo. Zili bwino, ndi mayi ake. Kenako, "Alamu, imene mwatumizayi ndi yabwino, tionetsa yomweyi. Zinazo zingosokoneza anthu."

Zinazo ndiye ine.

Ndati chabwino. Pakamwa pangapa pamathamangira chabwino mtima usanavomere. Amene ankamusambitsa ali ndi chikuku ndani? Fufuta zimenezo. Ayi, zisiye.

Fulashi ndaiika m'kapu ya malemu.

Lamulungu, 16 Juni

Ukwati unali dzulo. Mpando wanga pafupi ndi chitseko, podutsa operekera zakudya. Ngakhale muholo, kumapeto. Fulashi ndinaitenga m'kachikwama, kaya ndinaitengeranji.

Chinsalu choonetserapo chachikulu, chopingasa. Filimu yathu inangoima pakati, yopyapyala, uku mdima, uku mdima. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine maso ali mumdimamo, poti ndikudziwa pamene ndinaima. Mayi wina pambali panga akuti, "Dzanja ili likumutsatira mwanayu paliponse, ndi la ndani?" Ndinabisa langa pansi pa tebulo.

Timba anakongola, abale inu. Anandikumbatira mothamanga, wina akumukoka kale. Ndinanyamuka msanga, basi ingandisiye.

Lachitatu, 26 Juni

Zii. Kusita, kudya, kugona. Babu la kukhitchini lapsa. Wailesi akuti ndigule mphaka ndizilankhula naye, ndisamalize foni.

Lolemba, 1 Julaye

M'mawa ndili m'basi, uthenga wa mawu. Timba. Ndaumvetsera mobwerezabwereza mpaka ndapitirira potsikira.

"Amama, ndakhala ndikuonera filimu ija. Inu mulimo dzanja lokha. Yeniyeni ili kuti? Munditumizire, ya ine ndekha."

Amama. Lemba bwino pamenepo, foni iwe.

Poweruka ndadzera kwa wojambula, poti fulashi inali ikadali m'kachikwama chichokere ku ukwati. Akuti zosavuta mayi, ndiipeputsa, ilowa pafoni lero lomwe, nkhope zokha zichita chimbuuzi pang'ono. Anali atayamba kale kugwiragwira kompyuta. Ndati ayi achimwene, isiyeni momwemo. Wandiyang'ana, wandibwezera fulashi.

Ndamuyankha Timba kuti yopingasayo ilipo, koma ndi yolemera, pafoni siidutsa. Ili kunyumba kuno, m'kapu ya bambo ake. Si bodza ayi. Kaya kusanena zinazo ndi tchimo, sindikudziwa.

Foni ikuonetsa kuti wamvetsera. Sanayankhe.

Ndagula babu. Mashiti a pabedi lake ndachapa, ndasita. Sikuti wanena kuti abwera ayi, kungoti fumbi linachuluka.