Galimoto ya Zopondera Zitatu

12 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo.

Galimoto ya bambo ija yafika. Paja adokotala anati, poti sitiroko inawafooketsa mwendo wamanzere, akhoza kuyendetsanso pokhapokha ikhale yosintha yokha magiya. Ogulitsa analemba pa uthenga wawo wotsatsa malonda kuti ndi yotero, ndipo ine ndi phuma langa lija ndinangokhulupirira za pafoni osapita kukaiona. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mukundidziwa.

Tsiku loibweretsa bambo anavala jekete, aneba atadzaza pageti. Analowa, nagwira chiwongolero, kenako anayang'ana pansi. Zopondera zinali zitatu, kusonyeza kuti si yosintha yokha magiya. Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, lero wandiveka ulemu." Ndinathawira kukhitchini kukalira.

M'mawa mwake ndinapita kwa ogulitsawo nditalusa. Bwana wawo sanakane. Anati wolemba uthengawo anasokoneza magalimoto awiri ofanana, ndipo anapepesa mpaka ndinasowa pomukalipira. Avomera kutisinthira, bola tiibweze sabata ino isanathe, chifukwa yosintha yokha magiyayo pali wina akuifuna.

Vuto tsopano ndi bambo. Makiyi sakuchoka m'thumba la malaya awo. Ndikawafotokozera amati, "Mphatso sabweza. Anthu onse aja anaona. Ukufuna azinena kuti mwana wanga anandigulira cholakwika?" M'mawa uliwonse amaipukuta, kuliza injini, n'kukhala momwemo mpaka amayi atawaitana kudzamwa tiyi. Dzulo ndinawaona pawindo akunyamula mwendo uja ndi manja awiri kuti auike pa kilachi, chopondera chosinthira magiya. Unaterereka, iwo n'kuyambiranso.

Zikundipweteka, achemwali. Wolakwitsa ndine, koma iwo ndi amene akuvutika kunditeteza. Chonde aimbireni foni lisanafike Loweruka, inu amakumverani. Musawauze kuti ndakulemberani.

Amayi akupereka moni. Bambonso akuti ndikupatseni moni wambiri, ndipo akuti mukamadzabwera musadzavutike ndi takisi, adzakutengani okha kudepoti.

Ine mng'ono wanu.